Agwape a pa Msewu wa Lengwe

"Ine ndikufuna kusamba, adadi. M'bafa, osati m'butchala."

Glory adaima pakhomo, thaulo lili paphewa, maso ali pa miyendo inayi imene idaloza kudenga ngati ya tebulo logadabuzika. M'bafamo mudali gwape. Osati kagwape kakwathu kaja kokwana m'thumba la feteleza ayi, koma chigwape cha kuno ku London, chachikulu ngati thole. Bambo ake, a Bonaventure Likhutcha, adali atagwada pambali, akadali m'yunifolomu ya kunyumba yosamalirako okalamba kumene adagwira shifiti usiku wonse. Mpeni udali m'manja, ndipo ankaimba nyimbo ya kwaya chapansipansi.

"Kasambe kukhitchini, mwana wanga. Lero ndi Loweruka, sukupita ku ofesi. Apo ayi bwera undigwirire mwendo uwu."

"Mwachitenga kuti chimenechi?"

"Wapereka ndi Mulungu."

"Mulungu wapereka pa msewu uti?"

A Likhutcha adasiya kuimba. Yankho lidachokera kukhitchini, kwa akazi awo a Cathy.

"Pa Lengwe, pa kona paja. Muuzeni mwanayo zoona, bambo a Glory."

Lengwe ndi dzina limene Amalawi a ku Ilford adaupatsa msewu wina wopapatiza wodutsa m'nkhalango kupitirira Hainault, poona kuchuluka kwa nyama zake. Kumapeto kwa msewuwo ndiko kudali nyumba ya okalamba ija. Basi sinkafikako, choncho a Likhutcha ankanyamula akazi awo ndi anzawo ena a shifiti imodzi m'galimoto yawo yakale ya mipando isanu ndi iwiri, popita ndi pobwera, nthawi zonse kunja kuli chisisira.

Glory adalowa kukhitchini napeza mayi ake atakhala chowongoka ngati mkwatibwi, khosi atalikulunga chitenje. Pofuna kumuyang'ana adatembenuka thupi lonse.

"Amami, khosilo latani?"

"Langoumako pang'ono. Bambo ako anaponda buleki mwamphamvu, ine mutu unapita kutsogolo n'kubwerera."

"Mwaimbira apolisi? Mwauza khonsolo?"

"Tiwaimbire kuti atani? Kuti adzatithandize kusenda?" adayankha a Likhutcha ali kubafa.

Apa Glory mtima udawira. Panali patangotha miyezi yochepa chiyambire ntchito ku khonsolo, mu ofesi yoona za chitetezo cha pamsewu, ndipo ntchito yoyamba imene adampatsa kuti aiyendetse yekha idali ya ngozi za agwape. Adabwerera pakhomo la bafa.

"Adadi, mukudziwa zimene zandichitikira Lachinayi? Abwana anga a Killian anandiitana. Akuti, 'Glory, pulani yako ya msewu wa m'nkhalango ndi yabwino, koma yagwa.' Ndinkafuna adule tchire la pa kona pajapa kuti oyendetsa aziona patali, achepetse liwiro, aike chikwangwani choyaka, amange mpanda. Zonsezo zapita. Chaka chino akonza msewu umodzi wokha, ndipo asankha uja wa kubwalo la gofu, kwa anthu a nyumba za mageti. Chifukwa chake mukuchidziwa? Kumeneko munthu gwape akangomukwecha kagalasi, amaimba foni tsiku lomwelo. Pa Lengwe akuti sipachitika ngozi. Palibe amene ananenapo. Ine ndakhala ndikudzifunsa kuti kapena ndine wopusa. Osadziwa kuti ngozi zanga zonse zikuthera m'bafa lathu lomweli."

"Osati zonse," adatero a Likhutcha mofatsa. "Ino ndi yachiwiri chabe."

"Yachiwiri?"

"Nanga mbuzi ya Khirisimasi ija unkaonjezera kawiri ija," adalankhula a Cathy, "unaiona ikulira mee?"

A Likhutcha adaseka mpaka mpeni udagwera m'bafa. Glory sadaseke.

"Imbani foni, adadi. Mungonena kuti mwagunda gwape pa kona. Sakumangani. Kugunda nyama yodumphira yokha mumsewu si mlandu."

A Likhutcha adapukuta manja naimirira. Nkhope idasintha.

"Iwe umadziwa malamulo a m'buku, ine ndimadziwa a pantchito. Anthu okhala m'mbali mwa nkhalangomo anakadandaula kwa manijala wathu kuti ife a kheya, osamalira okalamba, timathamangitsa magalimoto. Manijala anatisonkhanitsa n'kunena poyera kuti aliyense amene dzina lake limveke pa ngozi ya msewu umenewu, asadzayembekezenso shifiti. Ife sitinalembedwe ntchito yokhazikika, amatiitana akafuna. Sachotsa munthu, amangosiya kumuimbira. Ndiye ukufuna ndidziimbire ndekha belu la maliro?"

"Nanga khosi la amami?"

"Lipola."

"Lotsatiralo lidzapolanso?"

A Likhutcha adagwadanso napitiriza kusenda, koma nyimbo ija sadaibwereze.

Kutacha Lamulungu a Cathy adalongeza nyama m'timapepala, kalikonse atakamanga bwinobwino. Kwawo ku Chikwawa munthu sadya nyama ya m'tchire chitseko chili chotseka, ndipo iwo sadaone chifukwa chosinthira khalidwe kaamba koti chitsekocho chili ku Ilford. Mapemphero atatha, buti la galimoto lidatsegulidwa pabwalo la tchalitchi, anthu n'kumabwera mmodzimmodzi, kulandira ndi manja awiri, kuwerama pang'ono. Glory adaima patali atapinda manja.

"Iwe mwana wa khonsolo, bwanji wakwinya nkhope monga waluza bola?"

Adali a Crispin, makaniko wa ku Zambia amene ankakonza magalimoto a mpingo wonse kuseri kwa mashopu. Kapepala kawo ka nyama kadali kale m'thumba la jekete.

"Ankolo, galimoto ya adadi mukonza ndinu?"

"Ni ine. Bampala na nyali imozi, vinthu ving'ono. Ya Lengwe siivuta, nazolowera."

"Mwazolowera?"

A Crispin adamugwira pamkono nayamba kuyenda naye pakati pa magalimoto ngati munthu woonetsa mlendo munda wake. Iyi yofiira ya boneti yobiriwira, ya mayi wina namwino: Lengwe. Iyi yomangidwa waya kutsogoloyi: Lengwe. Iyo ya chitseko chosatseguka, mwini wake amalowera mbali ya pasinjala: Lengwe, gwape adachita kudumphira m'mbali. Glory adakhala akuwaona magalimoto amenewa Lamulungu lililonse, n'kumaganiza kuti anthu akwawo amangogula zotsika mtengo.

"Ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ananena?"

"Kunena kwa ndani? Timanena kwa abusa, bapemphera, tadya nyama, basi yasila."

Lolemba Glory adalowa mu ofesi ya a Killian asadavule n'komwe jasi. A Killian adali mzungu wamtali, wa tsitsi la imvi, wosafulumira pa chilichonse. Adamvetsera mpaka kumapeto, nakanda chibwano.

"Ndikukukhulupirira. Koma sindingapite ku komiti ndi nkhani yoti wina wauza wina kutchalitchi. Akufuna eni ake. Komiti ikumana Lachitatu la sabata yamawa, ndipo msonkhanowo ndi wa aliyense. Amene akufuna kulankhula amalankhula. A kugofu adzabwera, sajomba. Anthu akowo akabwera, nkhani ikhoza kutembenuka. Akapanda kubwera, ndiye kuti kulibe."

Akapanda kubwera, ndiye kuti kulibe. Umu ndi mmene zinthu zimayendera m'dziko la eni: munthu amene amasambitsa amayi awo, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi, saoneka pokhapokha atadzaima pamaso pawo n'kutsokomola.

Madzulo ake Glory adafotokoza za msonkhanowo ali patebulo. A Cathy tsopano adali atavala kolala yoyera ya kuchipatala, chifukwa khosi lija lidakana kumvera chitenje.

"Mukangoimirira basi, adadi. Munene zimene munaona. Inu munali aphunzitsi, kulankhula pagulu si nkhani kwa inu."

"Ndanena kale."

"Ndiye mukudikira kuti wina afe?"

"Ndikudikira kuti iwe ukule."

"Ndakula kale. Ndakula mokwanira kuona kuti mumaopa manijala kuposa mmene mumakondera amami. Ndinu amantha, adadi."

Supuni ya a Likhutcha idaima m'malere. Adaiika pansi pang'onopang'ono, nadzuka, n'kukalowa kuchipinda. Chitseko sadachimenyetse, ndipo zimenezo ndi zimene zidapweteka kwambiri.

A Cathy adatembenuka thupi lonse.

"Pakamwa pakopo pali moto, Glory. Munthu amene anasiya choko ku Nchalo n'kudzayamba kusintha matewera a nkhalamba kuti iwe upite ku yunivesite, lero ndi wamantha?"

"Koma amami, zimene ndikunenazi ndi zoona."

"Zoona zake ndi zoona. Kanenedwe kake ndiye n'kachipongwe. Ndipo nzeru zakozo zaperewera penapake. Ukufuna bambo ako akaime okha. Akaima okha, manijala asiya kuwaimbira iwo okha, nkhani yatha. Iwe unachoka kwathu uli wamng'ono, dima sukulikumbuka."

"Dima?"

"Munda ukakukulira, sulira. Umaphika thobwa, umapha mbuzi, n'kuitana mudzi. Amene wadya ndi kumwa amagwira khasu, palibe kukambirana. Ineyo nyama ndagawa kale. Onse analandira ndi manja awiri, ndinawaona. Tsopano ndi nthawi ya makasu."

"Anthu sangabwere chifukwa cha kanyama ka m'pepala."

"Sukuwadziwa Amalawi iwe. Munthu akhoza kukana khonsolo, akhoza kukana apolisi. Koma kukana mayi amene unadya ndiwo zake, n'kudzakumana naye Lamulungu? Ndipatse foniyo. Ndipo manijalayo asiye kuimbira tonse tione. Nkhalamba zakezo akazisambitsa ndi mlamu wake?"

Sabata yonseyo foni ya a Cathy siidapume. Ankayamba ndi moni wautali, kufunsa ana, kufunsa za kumudzi, kenako n'kufika pamfundo.

"Nanga kanyama kaja kanapsa bwino? Eya. Munathira tomato? Mwachita bwino. Ndiye Lachitatu likudzali tili ndi kamunda kofunika kulima, asisi. Mubwere ndi galimoto yanu yomweyo, musaitsuke, musaikonze."

Ena ankazengereza, ena ankafunsa ngati kudzakhale apolisi. A Cathy ankangoti, "Ine ndidzakhala kutsogolo ndi kolala yangayi. Akafuna kumanga munthu ayambira ine." A Crispin adaimitsa ntchito yonse ya Lengwe pagalaja pawo, ati umboni suwongoledwa ndi hamala.

A Likhutcha ndi mwana wawo ankangopatsana moni wouma. Glory adapepesa kamodzi, bambo ake n'kungoti "ndamva", osaonjezera kanthu. Za msonkhano sankazitchula. Tsikulo lisadafike, a Cathy adalankhula mokweza ali kukhitchini, ngati akuuza poto.

"Basi, wolankhula wapezeka. A Crispin avomera."

Nyuzipepala imene a Likhutcha ankawerenga idatsika pang'ono.

"Crispin alankhula chiyani?"

"Chingerezi. Atiimirira tonse."

"Crispin? Munthu amene amati 'me I am telling you'? Pamaso pa makhansala?"

"Nanga titani, poti ena ali ndi zifukwa zawo."

Nyuzipepala idakweranso. Patapita kanthawi idatsikanso.

"Amake Glory, suti yanga yakuda ija ili kuti?"

"Mukupita kuukwati?"

"Ndangofunsa."

Lachitatu madzulo, dzuwa litangolowa, bwalo la holo ya khonsolo lidaona zimene silidaonepo. Magalimoto a kugofu adali kale pamalo ake, onyezimira ngati angotuluka m'sitolo. Kenako adayamba kulowa a Lengwe, motsogozana ngati ulendo wa kumanda koma anthu ake akuseka: boneti yobiriwira pa galimoto yofiira, bampala lomangidwa waya, nyali yomatidwa tepi. Sadali Amalawi okha. Mbiri idafika kwa anzawo a ku Zimbabwe, a ku Ghana ndi a ku Philippines ogwira ntchito kunyumba yomweyo, ndipo nawonso adali ndi zipsera zawo. A Crispin ankaimika magalimotowo pamzere, mbali yophwanyika kuyang'ana kukhomo la holo.

Glory adali pakhomo ndi mafayilo a ofesi. Ataona bambo ake akutsika, suti yakuda, tayi yofiira, nsapato zopolishidwa, mtima wake udadumpha. Kenako mantha ena adamugwira. Adawakokera pambali.

"Adadi, zikomo. Koma chinthu chimodzi. Za nyama zija musatchule."

"Bwanji?"

"Anthu awa sangamvetse. Abwana anga ali pompo. Mungonena za ngozi basi."

A Likhutcha adamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Si iwe unkafuna zoona?"

"Zoona zofunikira."

"Ehe," adatero, nakonza tayi, n'kulowa.

A kugofu adalankhula poyamba, ndipo kunena chilungamo, nawonso adali ndi madandaulo enieni. Mayi wina adafotokoza mmene gwape adaswera galasi la galimoto yake ana ali kumbuyo. Kenako wapampando, mayi wachikulire wa magalasi olendewera pa tcheni, adafunsa ngati pali wina. A Likhutcha adaimirira, ndipo kumbuyo kwawo mizere itatu ya anthu idaimiriranso. Ena adali m'yunifolomu, pokhala ankapita kushifiti akachoka pamenepo.

Adalankhula Chingerezi chawo cha m'kalasi, chokhala ndi mutu, thunthu ndi mchira. Adati iwo ndi anzawowo ndiwo amadutsa msewu wa m'nkhalango nthawi imene eni mzinda ali m'tulo kapena ali patebulo. Adati pa kona pamenepo tchire lafika m'mphepete mwenimweni mwa tala, moti gwape umamuona ali kale pa boneti. Adaloza kolala ya akazi awo. Adanenanso chifukwa chimene sankaimbira foni, osatchula dzina la munthu, koma momveka bwino.

"Mwauzidwa kuti pamsewu umenewu sipachitika ngozi. Ngozizo taziimika panjapa, pamzere. Mukhoza kukazigwira ndi manja."

Bambo wina wa kugofu, wa jekete ya mabatani agolide, adaimika dzanja.

"Pepani, koma galimoto yophwanyika ikhoza kuphwanyikira paliponse. Gwape akagundidwa, khonsolo imatumiza anthu kukachotsa mtembo wake. Ngati ngozi zili zochuluka chonchi, bwanji sanatolepo ndi mmodzi yemwe? Agwape akewo ali kuti?"

Wapampando adavala magalasi nayang'ana a Likhutcha.

"Funso limenelo ndi lomveka. Ali kuti?"

Mizere itatu ija idayamba kuyang'ana nsapato. Glory adatseka maso. A Likhutcha adatembenuka kuyang'ana mwana wawo kamodzi, kenako adawongola mapewa.

"Mayi wapampando, tinadya."

"Munatani?"

"Tinadya. Kwathu nyama siisiyidwa pamsewu kuti iwole. Timagawana, nyumba ndi nyumba. Aliyense waima kumbuyo kwangayu analandirako."

Wina chakumbuyo adatsokomola. Manyazi adamugwira Glory. Adaona a Killian akumuyang'ana, adaona bambo wa mabatani uja akupinda milomo ngati wanunkhidwa, ndipo adaona bambo ake ataima okha pakati pa holo, thukuta likutsika pa kolala ya shati. Manyazi aja adasanduka mkwiyo, ndipo mkwiyowo udamuimiritsa.

"Mayi wapampando, ine ndine Glory Likhutcha wa mu ofesi ya zamisewu. Pulani ya msewu wa m'nkhalango ndinalemba ndine. Awa ndi bambo anga. Zimene anenazi ndi zoona. Nanenso ndinadyako pa Khirisimasi, ndipo ndinaonjezera."

Amene adayamba kuseka adali wapampando mwini wake. Adayesa kubisa ndi pepala koma mapewa adamuulula. Kenako holo yonse idaphulika, a kugofu ndi a Lengwe omwe. Nkhalamba ina ya kugofu, ya ndodo, idafuula kufunsa ngati nyamayo adaiyanika masiku angapo isadaphikidwe, ati apo ayi imalimba. A Cathy adatembenuka thupi lonse n'kuiyankha kuti ibwere kunyumba idzaphunzire.

Phokoso litatsika, wapampando adapukuta magalasi nalankhula mosaseka. Adati nyama yotola pamsewu ikhoza kudwalitsa anthu ndipo sakulimbikitsa aliyense kutero, komanso kuyambira tsopano akufuna ngozi iliyonse izinenedwa. Adatinso nkhani ya kuopsezedwa pantchito aifunsa kwa oyenera. Kenako adavala jasi.

"Tiyeni tikaone magalimotowo."

Makhansala adayenda pamzere wonse, a Crispin ali patsogolo ndi tochi, akufotokoza m'Chingerezi chawo chomwe chija, ndipo aliyense adamva. Pa bampala la a Likhutcha padali pakadali ubweya wofiirira wokanirira m'mng'alu. Mayi wa ana uja adaugwira ndi chala, nayang'ana kolala ya a Cathy.

Komiti siidapereke zonse. Mpanda adati udikire chaka china. Koma kudula tchire, kuchepetsa liwiro ndi chikwangwani choyaka zidapita ku Lengwe, ndipo a kugofu adapatsidwa zikwangwani wamba. M'galimoto pobwerera Glory ankangodandaula za mpandawo.

"Theka lokha. Anthu abwera onsewa, atipatsa theka."

"Tamumveni mwana wanu," adatero a Likhutcha. "Wagwetsa khonsolo yonse, akulirabe."

"Anatengera inu," adayankha a Cathy.

"Adadi," Glory adalankhula ali kumbuyo, mawu atatsika. "Mawu aja ndinanena aja."

"Ati? Oti ndine wamantha? Unanena zoona, miyendo imanjenjemera m'suti monse muja. Koma iwenso pakhomo paja unali wolimba mtima ngati nkhuku yonyowa."

Manijala adachitadi zimene adalonjeza, koma kwa a Likhutcha okha. Masiku angapo foni yawo siidalire. Tsono popanda galimoto ya mipando isanu ndi iwiri, anthu a shifiti yawo adalibe chokwera, ndipo ena onse, atafunsidwa kuti awanyamule, magalimoto awo adapezeka kuti ali kwa a Crispin. Sabata isadathe foni idalira, manijala akufunsa mwaulemu ngati a Likhutcha ali ndi mpata.

Tchire adalidula kumapeto kwa Novembala. Za liwiro zinkadikira mapepala, koma chikwangwani chongoyembekezera chidaikidwa. M'mawa wotsatira a Likhutcha ndi gulu lawo adali pa shifiti ya masana, ndipo Glory adadzuka nawo kudakali mdima, nadzipanikiza pampando wakumbuyo pakati pa amayi awiri onenepa, ati akufuna akaone ntchito yake ndi maso.

Adafika pa Lengwe kum'mawa kukuyera. Chikwangwani chidayaka patsogolo pawo, a Likhutcha n'kuchotsa phazi pa moto. Pa kona paja padasanduka pena. Mbali zonse ziwiri kudali poyera, udzu wachisanu ukuoneka mpaka pamene mitengo idayambira.

"Imani," adatero a Cathy.

"Ndawaona kale."

Adali patali ndithu, akutuluka m'mitengo mmodzimmodzi. Kutsogolo kudali wamkazi, makutu ali tcheru, akuponda ngati pansi pali minga. Ena adamutsatira, ana ali pakati, ndipo kumapeto kudabwera tonde wa nyanga zotambalala ngati zikhatho, mpweya ukufuka m'mphuno mwake. Galimoto idaima. Kumbuyo kwawo idaimanso ina yofiira ya boneti yobiriwira. A Cathy adalankhula chonong'ona.

"Kani zili ndi mawanga pamsana? Zaka zonsezi ine ndimangoziona zikuuluka pagalasi."

Wamkazi uja adafika pa tala, naima, nayang'ana nyali za galimoto. Sadafulumire. Anzake adaunjikana kumbuyo kwake kudikira kuti aganize.

A Likhutcha adayang'ana wotchi.

"Amake Glory, tichedwa."

"Tichedwe," adatero a Cathy, natsamira pampando bwinobwino.